A Zuze ndi Mitanda ya pa Mchenga

Chaka chakwana chimwalirireni atsibweni anga a Zuze, koma pa doko la Chiromo akuwatchulabe ngati angopatuka kuseri kwa bango. Dzulo lomweli, ndikutsitsa dengu langa la mlamba wowamba, ndinamva wopalasa bwato wina akudula mnzake amene ankadzitama kuti anapha ng'ona ndi nkhafi. "Iwe, a Ndionetseni akanakhala moyo ukanameza malovu." Ndinaseka, kenaka ndinangozindikira ndikupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Limenelo ndilo dzina anafa nalo, ndipo ana ambiri kwathu sankadziwa n'komwe kuti ali ndi lina.

Anali mlongo wawo wa mayi anga, munthu wamtali wowonda, phewa limodzi lotsika chifukwa cha nkhafi imene anayamba kugwira ndevu zisanamere. Ankaolotsa chilichonse pa Shire: anthu, njinga, mbuzi, odwala, akwati, maliro. Ukawabweretsera nkhani, ankayamba afunsa amene waona. Ukati anthu akutero, ankafuna dzina la munthuyo, kwawo, ndiponso ngati anali atalawa mowa wa uchema. Abale inu, ankatopetsa! Mayi anga ankati kucheza ndi mlongo wawoyo kunali ngati kuyankha mlandu. Koma musaganize kuti anali munthu wosakhulupirira kanthu. Kutchalitchi ankayamba ndiwo kufika, podutsa pamanda ankavula chipewa, ndipo m'dambo munali malo ena amene sankalola munthu kuloza ndi chala ali m'bwato lawo. Chimene ankadana nacho ndi chinthu chogulitsidwa chokana kuyesedwa. Ankati nkhwangwa ukaikayikira umatema nayo mtengo, bwato ukalikayikira umaliika pamadzi, ndiye chimene chimakwiya ukafuna kuchiyesa chili ndi mlandu.

Mkangano wawo woyamba umene ndikukumbuka unali wa mjigo. Kunabwera munthu ndi mawaya awiri opinda kumapeto, akuti amamva madzi apansi. Anayenda nawo m'mudzi atawagwira patsogolo, mawaya aja n'kupingasana pafupi ndi bwalo la mpira, amayi nthungululu kuti madzi apezeka. A Zuze anali pachitsa akupala nkhafi yatsopano.

"Achimwene," anatero osadzutsa mutu, "kuno n'kuchigwa. Ngakhale nkhuku ikapalasa mwakhama ipeza madzi. Mawaya anuwo atiuze ngati ndi amchere."

Munthu uja anati mawaya sanama. Anakumba, madzi anatuluka ambirimbiri, koma owawa mchere moti sopo sankachita thovu. A Zuze sanaseke munthu. Ankangoti akamadutsa pamjigo paja n'kuupatsa moni mwaulemu, kuufunsa ngati wadzuka bwino.

M'miyezi yawo yomaliza anali ndi chizolowezi chimene chinkandiopsa. Ankakhala pakhonde masana, dzanja lamanja atalitambasula pabondo, akuliyang'anitsitsa ngati ndi la munthu wina. Nthawi zina ankalipendeketsa pang'ono, n'kulibweza, n'kulipendeketsanso, milomo ikuyenda koma mawu osamveka. Zidzukulu zawo zinkati agogo ayamba kusokonezeka. Ine ndinkadziwa kuti mutu wawo uli bwinobwino, chifukwa tsiku limene dzanjalo linawachita chipongwe ndinalipo. Koma kuti mumve za tsikulo, ndiyambe ndi akazi awo, a Malita, ndi nkhani ya mchenga.

A Malita anamwalira tikadali kumudzi wathu wakale, m'mbali mwa Ruo, ndipo anaikidwa kumanda a konko, m'kankhalango ka misawu. Anali ndi zibangili ziwiri zamkuwa. Chimodzi anapita nacho pamkono, china anasiyira mwana wawo yekhayo, Esinati. Ali pamphasa, mpweya ukuvuta kale, anauza amuna awo ife tikumva kuti moyo wonse akhala akuwadikira kuti abwere kuchokera kumadzi, ndiye kumandako asakawadikiritsenso pachabe, adzagone pambali pawo. A Zuze, munthu amene sankalonjeza ngakhale zoti abwera mawa, anavomera.

Kenaka kunabwera chigumula chija, chaka chimene mtsinje wa Ruo unasiya njira yake n'kudzera m'midzi. Za mmene tinapulumukira sindinena. Madzi ataphwa, mudzi kunalibe. Kunali mchenga wokhawokha, woyera mbee, wokwirira nyumba mpaka kumadenga. Munthu unkayenda pamwamba pa mudzi wako womwe, n'kupunthwa pansonga ya denga la tchalitchi. Misawu ya kumanda inazuka yonse. Panangotsala migwalangwa ingapo youma mitu, imene sinkathandiza kanthu chifukwa migwalangwa imafanana. Tinasamukira kumtunda, tinamanga, tinatsegula manda atsopano. Koma akufa athu anatsala pansi pa mchenga uja, ndipo panalibe woti n'kuloza kuti ali apa.

Kumchengako kuli zii. Mbalame sizifikako poti kulibe potera, ndipo masana mpweya umanjenjemera moti munthu akamabwera patali amaoneka ngati alibe miyendo. A Zuze ankapitako okha Lamlungu akaweruka kutchalitchi. Ndinawatsatirapo kamodzi. Anayenda mpaka kumanzere kwa mgwalangwa wina wopendekeka, n'kuima chipewa chili m'manja. Nditawafunsa ngati ndi pamenepo, anapukusa mutu.

"Nkhabe, Tereza, sindikudziwa. Miyendo ndiyo imangoima."

Munthu wina dzina lake Dikisoni anatsika minibasi ya ku Blantyre ndi chikwama chakuda chimene sankachisiya pansi. Munali makina ake osakira chuma: kabokosi kokhala ndi chogwirira ngati mfuti yoseweretsa ana, pamwamba pake eriyo ngati ya wailesi, yomasuka, yotha kutembenukira uku ndi uku. Kumbuyo kunali kabotolo. Akuti ukaikamo kachidutswa ka golide, eriyo iloza kumene kuli golide mnzake ngakhale ali kuseri kwa phiri. Tsono ku Chiromo nkhani ya chuma cha azungu akale sinayambe lero. Tinakula tikumva za rupiya za Ajeremani, za mabokosi okwiriridwa pansi pa maziko a masitolo akale, za mekyule yofiira imene palibe anaionapo koma aliyense amadziwa woigula. Anyamata anasiya makoka n'kunyamula mafosholo.

Tsiku lina akuoloka pa bwato la a Zuze, Dikisoni anatulutsa makina aja kuti anthu aone. Eriyo inazungulira n'kuloza kumapiri a ku Thyolo. Pambali pake penipeni panakhala mayi wina wa ku Mozambique wogulitsa zitenje, wa dzino lagolide, akuonerera kukamwa kuli yasa.

"Achimwene," anatero a Zuze akupalasa, "makina anu akuona golide wa kuphiri. Nanga wa m'kamwa mwa mayiwa walakwanji?"

Bwato linatsala pang'ono kutembenuzika ndi kuseka. Dikisoni anati makinawo anawatchera zakutali, zapafupi saona. Yankho linkapezeka nthawi zonse. Dzenje likakhala lopanda kanthu, ati chuma chathawa chifukwa mmodzi wa okumba anadzera kwa mkazi dzulo lake. Likapezekanso lina lopanda kanthu, ati mchere wa m'nthaka wasokoneza eriyo. Atsibweni ankati makinawo sanapezepo kanthu komanso sanalakwepo, ndipo chinthu chotero anali asanachionepo chibadwire.

Sindinena kuti Dikisoni anali wakuba, ayi. Nkhope yake ndinkaiona eriyo ikamatembenuka, ankachita mantha ngati ife tomwe. Anagulitsa njinga yake yamoto kuti agule makinawo, ndiye akanawakayikira bwanji? Ndiponso za manda sanayambitse ndiye. Maenje atachuluka, anyamata atatopa, mayi wina wamasiye ndiye anamufunsa ngati makina opeza golide sangapezenso amuna ake, amene anaikidwa atavala jekete ya mabatani achitsulo. Batani limodzi lothothoka anali nalo. Dikisoni anaganizaganiza, n'kunena kuti chitsulo chimaitana chinzake. Anaika batani m'kabotolo, eriyo inaloza, mayi uja anazika mtanda pamchenga n'kulira mpaka mawu kutha. Sabata isanathe, mudzi wonse unali kufufuza m'masutikesi.

Apa ndiye panali msampha, ndipo a Zuze okha ndiwo anaunena mokweza. Dzenje la golide umakumba n'kuona kuti mulibe. Manda sakumbidwa kawiri. Palibe Mmang'anja kapena Msena amene angatenge fosholo kukasuzumira ngati wagona pansipo ndi bambo akedi. Ndiye eriyo ikangoloza, nkhani yatha, wotsutsa palibe. Mitanda inayamba kumera pamchenga paja, wina apa, wina uko, yosatsatana mizere, ina yoyang'ana kumtsinje, ina kuphiri. Manda athu akale anali kamalo kochepa, ukaponya mwala unkadutsa. Mitandayi inamwazikana dera loti munthu n'kumva ludzu poliyenda. Anthu ankaziona zimenezo ndi maso awo, n'kumati madzi anasuntha akufa.

Esinati anapirira, kenaka anabwera kwa bambo ake chibangili chili m'manja.

"Ababa, anthu onse apeza awo. Inu mwakula. Tsiku lanu likafika tidzakuikani pati?"

A Zuze anakana, anakananso, anatchula za mjigo, za dzino lagolide. Esinati ankangobwereza funso lomwelo. Pamapeto pake bambo akewo anati chabwino, apita, koma akaone okha.

Tinapita dzuwa lili paliwombo, ife atatu, Dikisoni, ndi anthu ena ofuna kudzaona a Ndionetseni akuonetsedwa. Chibangili sichinalowe m'kabotolo, ndiye Dikisoni anachimangirira ndi mphira. Anayamba kuyenda, chigongono atachikanikiza m'nthiti, kabokosi kakulira tii, tii. Eriyo inagwedera, n'kukhotera kumanja, chakumtsinje. Anaitsatira pakati pa mitanda ya eni, ife pambuyo, mchenga ukuwotcha mapazi. Anaima pamalo opanda chizindikiro chilichonse.

"Ndi pano."

Esinati anagwa chogwada, akufumbata mchenga wotenthawo ndi manja onse awiri. "Amama! Amama, tabwera!" Ngakhale ine, amene ndinaseka nawo m'bwato muja, ndinatsala pang'ono kukhulupirira.

"Ndibwerekeni," anatero a Zuze.

Dikisoni anazengereza, koma anthu anali akuyang'ana, ndiye anapereka. Atsibweni anagwira makina aja ndi dzanja lamanja, chigongono m'nthiti monga anaonera. Eriyo inaima duu. Kunalibe ngakhale kamphepo. Kenaka inayamba kuyenda. Pang'onopang'ono, ngati pali wina akuikoka ndi ulusi, inachoka kumene Esinati anagwada, inadutsa ife tonse mmodzimmodzi, n'kukaima italoza kumanzere kwa mgwalangwa wopendekeka uja, pamalo pamene ankaima Lamlungu. Pa anthu onsewo, ine ndekha ndinkawadziwa malowo. Ndinaona nkhope ya atsibweni ikusintha. Anaponya phazi, n'kuponyanso lina, akutsatira kachitsulo kaja, munthu amene moyo wake wonse sanatsatirepo chinthu asanachifunse kwawo. Ndinali pafupi, ndiye ndinamva akunong'ona.

"Malita?"

Anayenda mpaka kutsala pang'ono kufika, n'kuima. Anakhala chiimire nthawi yaitali, msana uli kwa ife, malaya atanyowa thukuta. Kenaka anandiitana osacheuka.

"Tereza, vula duku lako undimange m'maso."

"Atsibweni, zoona?"

"Manga. Ukatero undizunguze ngati ana akamasewera, mpaka ndisadziwe kumene kuli mtsinje."

Ndinamanga, ndinawazunguza, nkhalamba ikudzandira pamchenga. Anakhazikika, anagwiranso bwino makina aja. Eriyo inayenda, n'kuloza kumtunda kumene tinachokera.

"Yaloza kuti?"

"Kumudzi, atsibweni."

"Zunguzanso."

Ulendo uno inaloza Dikisoni pamimba. Ndinawauza. Ndinawazunguzanso, inaloza kumchenga kopanda kanthu, kenaka kumtsinje, kenaka inangolendewera ngati yatopa. Kumgwalangwa kuja sinabwererenso. Nthawi iliyonse ankafunsa, mawu akunka nachepa, ndipo nthawi iliyonse ndinkayankha zimene ndaona, poti a Zuze sanali munthu woti n'kumunamiza.

Anamasula duku okha. Linali litanyowa. Ine ndinali ndisanawaonepo akulira, ngakhale pamaliro a akazi awo.

"Ndi dzanja langa," anatero. "Bwato limakhota ukangopendeketsa chiuno pang'ono, okwera osaona kanthu, nthawi zina iwe mwini osadziwa. Ichinso n'chimodzimodzi. Ndimafuna, ndiye dzanja lamva." Anamasula chibangili, n'kubweza makina kwa mwini wake ndi manja awiri, akuthokoza m'Chisena. "Takhuta, achimwene. Chinthu chanuchi sichimva mkuwa. Chimamva amene wachigwira."

Esinati anadzuka mchenga uli kumaso konse.

"Ababa, mwapindulanji? Olo likhale bodza, likanakulumani? Anthu onse ali ndi pokalira, ine ndekha ndilibe! Amama mwawataya kawiri inu!"

"Mwananga, pansi pamene wagwadapo mwina pali khola la mbuzi, mwina pali mkazi wa mwini. Amako ndinawalonjeza kugona pambali pawo, osati pambali pa mtanda."

"Ndiye mudzagona nokha!"

"Penu," anatero, kutanthauza kuti kaya. Anavala chipewa n'kuyamba ulendo wa kumtunda.

Esinati anazikabe mtanda wake pamene Dikisoni analoza, analembapo dzina la amake ndi penti yoyera, ndipo dzinja lonse sanaponde pakhomo pa bambo ake. Anthu anagawikana. Ena ankati nkhalambayo ndi youma mtima, ena ankati ikudziwa kanthu, koma wozula mtanda wake panalibe ndi mmodzi yemwe. Dikisoni anapitirira chakumunsi, ku Nsanje, kumene kulinso midzi yokwiririka. Chimene chimandipweteka ine mpaka lero n'chakuti a Zuze sanapitenso kumchenga kuja. Lamlungu akaweruka ankangobwerera kunyumba. Makina aja sanawapatse kanthu, koma anawalanda ngakhale pamene ankaima, chifukwa tsopano anadziwa kuti miyendo nayo imamva zofuna za mwini wake. Anapambana mkangano, inde, koma sindinaonepo munthu wopambana akuoneka wamasiye chotero.

Atayamba kudwala, Esinati anabwera yekha osaitanidwa, anawasambitsa, anawamwetsa phala, anawatembenuza pamphasa. Za mchenga sankazitchula onse awiri. Nkhaniyo inadzabuka pasiwa, thupi lili m'nyumba. Esinati anati bambo ake akaikidwe kumchenga, pambali pa mtanda wake, lonjezo likwaniritsidwe. Ena anavomereza, ena anati madzi akadzabweranso adzakokolola. Mawu anayamba kukwera. Ndiye mkulu wa adzukulu okumba manda anapempha kuti alankhule. Anati mwezi umodzi m'mbuyomo a Zuze anamuitana, n'kupita naye kumanda atsopano akutsamira nkhafi ngati ndodo. Kumeneko anamulozera malo, n'kumuuza kuti adzayeze a anthu awiri koma adzakumbe amodzi. Enawo asadzaikepo munthu, asadzazikepo mtanda, asadzalembepo dzina, chifukwa mwini wake sanafike. Mtsinje unatenga, mwina tsiku lina udzabweza, ndiye ukadzabweza malo adzapezeke alipo.

Esinati anangofunda chitenje kumutu, ndipo adzukulu ananyamula makasu.

A Zuze ali kumeneko, chakumapeto kwa manda a kumtunda, kumene nthaka ndi yofiira ndiponso yolimba. Kumanzere kwawo kuli malo a munthu mmodzi, osakumbidwa. Chaka chino taika anthu angapo, ndipo adzukulu amawalambalala malowo, moti tsopano mitumbira yawazungulira mbali zonse. Sabata yatha tinapita kukamanga chiliza. Mmisiri, mlendo wochokera ku Bangula, anaona pabwino posalala n'kuyamba kutsitsirapo njerwa zake.

"Chotsani!" anakuwa Esinati. "Pamenepo ndi pa amama."

Munthu uja anayang'ana pansi, anayang'ana ife, n'kuchotsa njerwa zija imodziimodzi. Esinati anathyola tsache n'kusesa mpaka zidindo za njerwazo zitafafanizika.

Ndi kamalo kotalika ngati mphasa, kopanda udzu, kopanda mwala, kongooneka mizere ya tsache. Masana mthunzi wa chiliza cha a Zuze umagwera pamenepo n'kufika pakati. Pansi pake mulibe munthu, ndipo tonse tikudziwa kuti mulibe. Komabe sindinaonepo aliyense akupondapo.